Dzina la "Dokotala": Kumene Lidachokera ndi Mmene Maiko Amaligwiritsira Ntchito

Pa miyambo ikuluikulu ya m'maparishi athu, monga potsegulira tchalitchi chatsopano, pa Misa yothokoza ya wansembe amene wangodzozedwa kumene, kapenanso pa maliro, munthu wolandira alendo amapatsidwa mndandanda wa maina. Ena mwa mainawo amakhala ndi zilembo ziwiri kutsogolo kwake: Dr. Iye amawerenga mokweza kuti "tili ndi Adokotala a Uje pakati pathu", anthu n'kuwomba m'manja. Mwambo ukatha si zachilendo kuona mayi wina akumutsatira mlendoyo kuseri kwa tchalitchi, buku la kuchipatala lili m'manja, kuti amuonereko mwana amene wakhala akutsokomola kwa milungu itatu. Mlendo uja, amene udokotala wake ndi wa za nthaka kapena wa mbiri yakale, amasowa poyambira.

Mayiyo sadalakwe. Kwa ife olankhula Chichewa, dokotala ndi munthu wa kuchipatala, wopima odwala ndi kulemba mankhwala. Komatu zilembo ziwirizi zili ndi matanthauzo angapo, ndipo tanthauzo lake limasintha munthu akangodutsa malire a dziko. Amene ku Italy amatchedwa dokotala, ku Germany akhoza kuimbidwa mlandu atadzilemba choncho. Katswiri wa opaleshoni wa ku London amalisiya dala dzinali, pamene mnzake wa ku New York amalisunga moyo wake wonse. Popeza akatekisiti, alembi a makhonsolo a parishi ndi atsogoleri a miphakati ndi amene amalemba ndondomeko za miyambo, makalata oitanira alendo ndi zolengeza za Lamulungu, ndi bwino kuti adziwe kusiyanitsa.

Poyamba dokotala anali mphunzitsi

Liwu loti doctor ndi la Chilatini. Lidachokera ku liwu lina loti docere, kutanthauza kuphunzitsa. Tanthauzo lake lenileni tsono ndi mphunzitsi, ndipo za mankhwala mulibemo m'pang'ono pomwe.

M'zaka za m'ma 1100 sukulu zazikulu za ku Ulaya zinali pa matchalitchi a maepiskopi. Munthu sankangodzuka n'kuyamba kuphunzitsa. Ankayenera kulandira chilolezo chotchedwa licentia docendi kuchokera kwa mkulu woyang'anira maphunziro pa likulu la dayosizi. Ena mwa akuluakuluwo adayamba kugulitsa chilolezochi, ndipo n'chifukwa chake Msonkhano Wachitatu wa ku Lateran, umene udachitika mu 1179 pa nthawi ya Papa Alexander III, udalamula kuti pasakhale wolipiritsa chilolezo chophunzitsira, ndiponso kuti munthu woyenera asamanidwe. Owerenga aona okha kuti vuto logula mapepala a maphunziro silidayambe lero.

Sukulu zimenezi, pamodzi ndi magulu a aphunzitsi ndi ophunzira, ndi zimene zidakula n'kukhala mayunivesite oyamba, monga ya Bologna ndi ya Paris. Nthambi zapamwamba zinalipo zitatu: zaumulungu, malamulo ndi zamankhwala. Womaliza maphunziro m'nthambi iliyonse mwa izi ankatchedwa dokotala, ndiye kuti wololedwa kuphunzitsa ena. Koma munthu wamba sankaonana kawirikawiri ndi dokotala wa zaumulungu kapena wa malamulo. Amene ankafika pakhomo pake nthawi ya matenda anali wa zamankhwala, ndipo pang'onopang'ono, makamaka m'Chingerezi, dzinali lidamumatirira iyeyo. Ife tidalilandira kudzera m'Chingerezi lili lomatira kale chotero, n'kulisandutsa dokotala kapena dotolo. Liwu lathu lakale linali sing'anga, ndipo Baibulo lakale la Chinyanja limamutchula choncho Luka Woyera, nkhoswe ya madokotala, amene timamukumbukira pa 18 October.

Digiri imene masiku ano timaitcha PhD idakhazikika m'mayunivesite a ku Germany m'zaka za m'ma 1800. Wofuna digiriyi amachita kafukufuku wakewake kwa zaka zingapo, n'kulemba buku lotulutsa nzeru zatsopano, kenako n'kukaliteteza pamaso pa akatswiri. Yunivesite ya Yale ku America idapereka madigiri oyamba otere mu 1861, ndipo ya Oxford idayambitsa yake mu 1917, imene mpaka lero imaitcha DPhil. Ngakhale dzina lake limatchula filosofi, PhD imaperekedwa pa phunziro lililonse, kaya ulimi, masamu, zachuma kapena zilankhulo.

Kuchokera apa udokotala ulipo wa mitundu itatu: wa kafukufuku, wa ntchito ya kuchipatala, ndi waulemu umene yunivesite imangopereka pothokoza munthu. Chisokonezo chonse chagona pakuti itatu yonseyi imalembedwa ndi zilembo zofanana.

Madokotala a mu Mpingo

Mpingo wa Katolika udasunga tanthauzo loyamba lija. Pali oyera ena amene Mpingo umawatcha m'Chilatini Doctores Ecclesiae, ndiye kuti Aphunzitsi a Eklezia, chifukwa cha kuyera kwa moyo wawo ndi kuzama kwa chiphunzitso chawo. Mu 1298 Papa Boniface VIII adalemekeza anayi oyamba: Ambrose, Jerome, Augustine ndi Gregory Wamkulu. Thomas Aquinas adaonjezedwa mu 1567. Amayi oyamba, Teresa wa ku Avila ndi Catherine wa ku Siena, adalengezedwa ndi Papa Paul VI mu 1970, ndipo Papa John Paul II adaonjezera Thérèse wa ku Lisieux mu 1997. Ameneyu adamwalira ali ndi zaka 24 ndipo sadapondepo pa yunivesite. Pa 1 November 2025 Papa Leo XIV adalengeza John Henry Newman, n'kufikitsa chiwerengero chawo pa 38. Ena mwa iwo ndi a kuno ku Africa: Augustine anali episkopi wa Hippo, m'dziko limene lero ndi Algeria, pamene Athanasius ndi Cyril anali a ku Alexandria m'dziko la Egypt. Katekisiti akamaphunzitsa za oyerawa asanene kuti anali madokotala, chifukwa omvera adzaganiza za jekeseni. Anene kuti Aphunzitsi a Eklezia.

Mpingo ulinso ndi madigiri akeake, amene amaperekedwa ndi mayunivesite ovomerezedwa ndi Likulu la Mpingo ku Roma, monga Gregorian, Urbaniana ndi Angelicum. Makwerero ake ndi atatu: baccalaureate, licentiate ndi udokotala. Wansembe amene dzina lake likutsatidwa ndi zilembo STL kapena STD adaphunzira zaumulungu, ndipo JCL kapena JCD ndi za malamulo a Mpingo. Wa licentiate si dokotala, ngakhale amaloledwa kuphunzitsa m'seminale yaikulu. Lamulo 378 la Malamulo a Mpingo limati woti asankhidwe kukhala episkopi akhale ndi udokotala kapena licentiate pa Malembo Oyera, zaumulungu kapena malamulo a Mpingo, apo ayi akhale wodziwadi bwino maphunzirowa.

Pa nkhani yoitana, maiko amasiyana ngakhale mu Mpingo momwemo. Ku Ireland ndi ku India n'chizolowezi chakale kulemba Dr. patsogolo pa dzina la episkopi, ndipo ku America maepiskopi ambiri amalembedwa zilembo D.D. pambuyo pa dzina, ngati ulemu wa udindo wawo. Kuno kwathu timangoti Ambuye kwa episkopi ndi Bambo kwa wansembe. Apapa atatu mwa anayi omaliza adali ndi udokotala wa kafukufuku. John Paul II adalemba za chikhulupiriro m'ziphunzitso za John wa Mtanda ku Angelicum mu 1948, Benedict XVI adalemba za Augustine ku Munich mu 1953, ndipo Leo XIV adalandira udokotala wa malamulo a Mpingo ku Angelicum mu 1987. Palibe amene amawatchula ndi dzinalo, pakuti dzina la udindo wawo ndi lokwanira.

Britain: dokotala wopanda udokotala, ndi katswiri wotchedwa Mr

Tiyambe ndi Britain chifukwa ndondomeko ya maphunziro a zachipatala ya ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe idatengera kumeneko. Wophunzira zamankhwala ku Britain akamaliza zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi amalandira MBBS kapena MB ChB. Awa ndi madigiri oyamba, a msinkhu wa bachelor, osati udokotala monga yunivesite imawerengera. Dzina la Dr. limene amayamba kuligwiritsa ntchito ndi la ulemu wa ntchito yake. Digiri ya MD kumeneko ndi ina, yapamwamba, imene dokotala amaipeza pambuyo pake akachita kafukufuku, ndipo ambiri amapuma pa ntchito alibe.

Chodabwitsa kwambiri ndi cha akatswiri a opaleshoni. Dokotala akakhoza mayeso a Royal College of Surgeons amasiya kutchedwa Dr. n'kuyamba kutchedwa Mr, Miss, Mrs kapena Ms, ndipo amakunyadira kusinthako. Chifukwa chake chili m'mbiri. Kale madokotala opima ndi kulemba mankhwala ankaphunzira ku yunivesite, pamene ong'amba zithupsa, ozula mano ndi odula miyendo ankaphunzira ntchito yawo pamanja, kwa mmisiri wina, monga amachitira kalipentala. Mu 1540, pa nthawi ya Mfumu Henry VIII, iwowa adaikidwa m'bungwe limodzi ndi ometa tsitsi. Adapatukana nawo mu 1745, ndipo mu 1800 bungwe lawo lidakhala Royal College. Popeza analibe digiri, sankayenera kutchedwa madokotala. Ntchito ya opaleshoni itakwera ulemu, dzina limene kale linali chizindikiro cha kuchepa lidasanduka chonyadira. Mwambowu ulinso ku Ireland. Tsono m'bale wathu wokhala ku Manchester kapena ku Glasgow akatilembera kuti amuchita opaleshoni ndi Mr Uje, tisade nkhawa kuti amupereka m'manja mwa munthu wosaphunzira. Ameneyo ndiye katswiri weniweni.

Madokotala a mano ku Britain adaloledwa kugwiritsa ntchito dzina la Dr. ngati ulemu mu 1995, ndipo a ziweto mu 2015, pokhapokha asapusitse anthu kuti ndi madokotala a matenda onse a anthu. Lamulo la kumeneko silitchinjiriza kwenikweni liwu loti doctor. Mlandu ndi kudzionetsa ngati wolembetsedwa m'kaundula wa General Medical Council pamene suli.

America

Ku United States wofuna udokotala wa kuchipatala amayamba watenga digiri yoyamba ya zaka zinayi, kenako amalowa sukulu ya zamankhwala kwa zaka zina zinayi. Digiri imene amatuluka nayo ndi MD, kapena DO m'sukulu zina, ndipo m'dzina lake lomwe muli kale liwu loti dokotala. MD ya ku America tsono ndi yofanana pa ntchito ndi MBBS ya ku Britain, osati ndi MD ya ku Britain. Madokotala a mano, a ziweto, a maso ndi akatswiri a mankhwala a m'famase nawonso madigiri awo amatchedwa udokotala. Ngakhale maloya digiri yawo ndi Juris Doctor, koma mwa chizolowezi sadzitcha Dr.

Mbiri ya dziko lathu ili ndi chitsanzo chabwino cha kusiyana kumeneku. Daniel Malekebu, amene adadzatsogolera mishoni ya Providence Industrial Mission ku Chiradzulu, adamaliza maphunziro a udokotala pa Meharry Medical College mumzinda wa Nashville mu 1917. Hastings Kamuzu Banda adalandira MD pa sukulu yomweyo mu 1937. Koma kuti aloledwe kugwira ntchito m'maiko olamulidwa ndi Britain adayenera kukalembanso mayeso ku Edinburgh, ndipo adalandira ziphaso za kumeneko mu 1941. Dzina anali nalo kale, koma chilolezo analibe. Mpaka lero zinthu ziwirizi n'zosiyana m'dziko lililonse: digiri imaperekedwa ndi yunivesite, chilolezo chochiza chimaperekedwa ndi bungwe loyang'anira madokotala.

A PhD ku America amatchedwa Dr. m'mayunivesite ndi m'matchalitchi popanda vuto. Martin Luther King Jr. adalandira udokotala wa zaumulungu ku Boston University mu 1955 ndipo dziko lonse limamudziwa kuti Dr. King. Koma manyuzipepala ambiri, potsata malangizo a bungwe la atolankhani la Associated Press, amasungira dzinali a zachipatala okha, poti owerenga angasokonezeke. Mkangano udabuka mu December 2020 pamene wolemba wina mu nyuzipepala ya Wall Street Journal adati Jill Biden, amene ali ndi udokotala wa zamaphunziro wa mu 2007, asiye kudzitcha Dr. Ambiri adamutsutsa, ndipo ena adakumbutsa kuti amayi ophunzira ndi amene amachotseredwa maina awo aulemu kawirikawiri kuposa abambo.

Germany: dzina lotetezedwa ndi lamulo

Palibe dziko limene limalemekeza dzinali koposa Germany ndi mnansi wake Austria. Ku Germany munthu amaloledwa kulembetsa udokotala wake pa chiphaso cha unzika ndi pa pasipoti. Limalembedwa pa chitseko cha nyumba ndi pa envelopu, ndipo polonjera amati Herr Doktor kapena Frau Doktor. Amene ali ndi maudokotala awiri amalemba Dr. Dr., ndipo akakhala pulofesa amayamba ndi Prof. Zilembo zing'onozing'ono zotsatira zimasonyeza nthambi yake: Dr. med. ndi wa zamankhwala, Dr. theol. wa zaumulungu, Dr. jur. wa malamulo, Dr. rer. nat. wa sayansi. Angela Merkel, amene adatsogolera dzikolo kuyambira 2005 mpaka 2021, udokotala wake ndi wa sayansi, wa mu 1986.

Wochiza odwala m'Chijeremani amatchedwa Arzt, ndipo kumaliza sukulu ya zamankhwala sikumupatsa dzina la Dr. Ayenera kulemba kafukufuku wapadera, ngakhale amakhala wamfupi poyerekeza ndi wa nthambi zina. Pali madokotala ambiri odziwa ntchito amene pa chitseko chawo palibe zilembo ziwirizi. Kale mkazi wa dokotala ankatchedwanso Frau Doktor chifukwa cha mwamuna wake, monga ife timanenera kuti amayi busa, koma chizolowezichi chidazilala.

Ndime 132a ya malamulo a milandu a dzikolo imati wogwiritsa ntchito dzina la maphunziro limene alibe akhoza kulipira chindapusa kapena kukhala m'ndende mpaka chaka chimodzi. Lamuloli silidasiye ndi alendo omwe. Mu 2008 akatswiri angapo a sayansi amene adatenga PhD ku mayunivesite otchuka a ku America adafufuzidwa chifukwa chodzilemba Dr. m'malo mwa PhD, mpaka akuluakulu a zamaphunziro adafewetsa malamulowo chaka chomwecho.

Kumene dzina lili ndi mtengo wotere, chiyeso choliba chimakulanso. Karl-Theodor zu Guttenberg, nduna ya zachitetezo, adatula pansi udindo mu March 2011 yunivesite ya Bayreuth itamulanda udokotala chifukwa chokopera zolemba za ena osatchula eni ake. Annette Schavan, amene anali nduna ya zamaphunziro, adatula pansi udindo mu February 2013 yunivesite ya Düsseldorf itachita chimodzimodzi ndi buku limene adalemba mu 1980. Pambuyo pake adatumikira ngati kazembe wa dziko lake ku Vatican.

Italy, Portugal ndi anansi athu a ku Mozambique

Munthu akatsika mapiri a Alps kulowa mu Italy zinthu zimatembenuka. Kumeneko aliyense womaliza digiri yoyamba ya ku yunivesite, yotchedwa laurea, ndi dottore, kapena dottoressa akakhala wamkazi. Lamulo la mu 2004 lidagawa mainawa patatu: dottore kwa wa digiri ya zaka zitatu, dottore magistrale kwa woonjezera zaka ziwiri, ndi dottore di ricerca kwa wa PhD, digiri imene idangokhazikitsidwa m'dzikomo mu 1980. Pa msewu dzinali limamwazidwa mowolowa manja, moti woperekera zakudya akhoza kutcha dottore aliyense wovala jekete ndi tayi. Izi zimatikhudza chifukwa maparishi athu ambiri ali pa ubale ndi a ku Italy ndipo amalandira alendo ndi makalata ochokera kumeneko. Kalata yosainidwa ndi Dott. kapena Dott.ssa sikutanthauza kuti kukubwera wochiza. Mwina ndi wowerengera ndalama wa bungwe lothandiza. Wochiza amadziwika ndi liwu loti medico.

Ku Portugal chizolowezi n'chofanana, ndipo chidafalikira m'maiko amene Apwitikizi ankalamulira, kuphatikizapo Mozambique. Wa digiri yoyamba, makamaka ya malamulo, zachuma kapena uphunzitsi, amatchedwa senhor doutor ndipo amalembedwa mwachidule Dr. kapena Dra. Wa PhD amalembedwa liwu lonse, Doutor, ndipo akakhala mphunzitsi wa pa yunivesite amati Professor Doutor. Mainjiniya ali ndi dzina lawolawo, Engenheiro. Akhristu a m'maparishi a m'malire, monga ku Dedza, Ntcheu, Mwanza ndi Mulanje, amene amayenderana ndi abale a ku Angónia, Tete ndi Milange, asadabwe kumva mkulu wa ofesi ya boma kapena mphunzitsi wa sekondale akutchedwa doutor. Ku Brazil maloya ndi akuluakulu a polisi amatchedwanso choncho, ndipo ku Colombia dzinali limapatsidwa pafupifupi kwa aliyense wa ntchito ya muofesi yapamwamba.

Maiko ena

Ku France, pa kalankhulidwe ka tsiku ndi tsiku, docteur ndi wa kuchipatala. Lamulo la mu 2013 lidatsimikiza kuti a PhD akhoza kuligwiritsa ntchito, komabe ambiri amangokhala Monsieur ndi Madame, pamene maloya amatchedwa Maître. Anthu a ku Netherlands adathetsa vutoli ndi kalembedwe: dokter ndi wochiza, doctor ndi wa kafukufuku. Ali ndi dzina linanso lakale, drs., chidule cha doctorandus, kutanthauza amene sadafikebe pa udokotala. Wosadziwa amaliwerenga ngati madokotala awiri. Ku Indonesia dr. wa chilembo chaching'ono ndi wa kuchipatala, Dr. wa chilembo chachikulu ndi wa PhD. Ku Russia makwerero ndi awiri, kandidat nauk amene amafanana ndi PhD, ndi doktor nauk amene ali pamwamba pake, pamene wochiza ndi vrach. Ku Japan dokotala, mphunzitsi ndi loya onse amalonjeredwa kuti sensei. Anansi athu a ku Tanzania ankamutcha Julius Nyerere kuti Mwalimu, ndipo liwu la Chiswahili limeneli ndi lofanana ndendende ndi tanthauzo loyamba la doctor.

Udokotala waulemu

Mayunivesite akhala akupereka madigiri aulemu, otchedwa honoris causa, kuyambira m'zaka za m'ma 1400. Wolandira sachita kafukufuku kapena kulemba mayeso. Yunivesite imangozindikira ntchito imene wagwirira anthu. Mphatsoyi payokha ilibe choipa. Funso ndi lakuti kodi wolandirayo azidzitcha Dr. kapena ayi. Kale zinkachitika: Benjamin Franklin ankatchedwa Dr. Franklin chifukwa cha madigiri aulemu a St Andrews mu 1759 ndi Oxford mu 1762, ndipo Kenneth Kaunda wa ku Zambia ankadziwika kuti Dr. Kaunda pa chifukwa chonga chomwecho. Masiku ano mayunivesite ambiri amalangiza kuti digiri yotere izilembedwa pambuyo pa dzina, ndi mawu osonyeza kuti ndi yaulemu. Ku Germany amalemba Dr. h.c. kuti pasakhale chikaiko. Mu 2025 bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba ku Ghana lidaletsa anthu kugwiritsa ntchito maudokotala aulemu ngati mbali ya dzina lawo pagulu.

Kuletsa kotere kwabwera chifukwa cha malonda amene afala mu Africa muno. Pali timabungwe todzitcha mayunivesite, tina tongopezeka pa intaneti, timene timachititsa mwambo wa tsiku limodzi mu hotela n'kuveka mikanjo aliyense amene walipira. Ena salipira n'komwe, amangoyamba kudzilemba. Ku South Africa, Pallo Jordan, nduna yakale ndiponso munthu wowerenga kwambiri, adatula pansi udindo wake m'nyumba ya malamulo mu 2014 zitadziwika kuti udokotala umene ankatchulidwa nawo kwa zaka zambiri analibe. Ku Malawi bungwe la National Council for Higher Education, limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2011, ndi limene limavomereza sukulu zaukachenjede, ndipo wokaikira pepala la munthu akhoza kufunsa kumeneko.

Kuno kwathu, polemba ndi polonjera

Sukulu yophunzitsa madokotala ya College of Medicine idatsegulidwa ku Blantyre mu 1991, ndipo kuyambira 2021 ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences. Digiri yake ndi MBBS, monga ku Britain, ndipo omaliza amatchedwa Dr., ngakhale a opaleshoni omwe. Koma m'zipatala zambiri za m'midzi, za boma ndi za mishoni zomwe, amene amaona odwala tsiku ndi tsiku ndi a clinical officer ndi a medical assistant. Anthu amawaitana kuti adokotala, ndipo pakamwa palibe cholakwa, pakuti ndi ulemu wa ntchito yolemetsa imene amagwira. Ena mwa a clinical officer amachita ngakhale opaleshoni ya amayi oyembekezera. Polemba, komabe, dzina la Dr. si lawo, ndipo ambiri mwa iwo sakondwa kulembedwa zimene sali. Onsewa, pamodzi ndi madokotala, amalembetsedwa ndi Medical Council of Malawi. Chiphaso cha bungwe limeneli ndicho wodwala ayenera kufunsa akalowa m'chipatala cha munthu payekha chimene akuchikaikira. Zilembo za pa chikwangwani aliyense akhoza kupentetsa, monga timaonera pa mapepala omatidwa m'mitengo ya magetsi m'matauni, olonjeza kuchiza nthenda iliyonse ndi kubweza katundu wobedwa.

Kwa wolemba ndondomeko ya mwambo wa parishi, chinthu choyamba ndi kufunsa mlendo mwini wake, kapena amene wamuitana, mmene amalembera dzina lake. Paja safunsa adadya phula. Dzina la Dr. ndi zilembo za digiri siziyendera limodzi: tilembe Dr. Uje, kapena Uje, PhD, osati zonse ziwiri. Amene ali pulofesa alembedwe Prof., pakuti m'chizolowezi chathu chotengera ku Britain udindowu uli pamwamba pa udokotala. Dzinali ndi la mwini wake yekha, silipita kwa mkazi kapena mwamuna wake. Ngati m'banja dokotala ndi mayi, tisalembe Dr. ndi Mayi Uje monga dzanja lidazolowera, koma Bambo ndi Dr. Uje. Wansembe kapena sisitere amene ali ndi udokotala akhoza kulembedwa nawo pa msonkhano wa zamaphunziro kapena pa buku limene walemba, dzina la udindo wake mu Mpingo likutsogola. Pa ndondomeko ya Misa, Bambo Uje kapena Sisitere Uje n'zokwanira.

Polengeza ndi pakamwa m'Chichewa, mawu awiri kapena atatu oonjezera amachotsa chisokonezo chonse. Wolandira alendo anene kuti "Adokotala a Uje, a ku chipatala cha boma", kapena "Adokotala a Uje, katswiri wa zaulimi wa ku yunivesite", kapenanso "a Uje, amene adalandira udokotala waulemu chifukwa cha ntchito zawo zachifundo". Akatero, mayi wa mwana wotsokomola uja adziwa woti amufikire Misa ikatha, ndipo ngati pa alendowo palibe wa kuchipatala, katekisiti amulangize kuti apite naye ku chipatala chapafupi m'mawa mwake, pakuti chifuwa chopitirira milungu iwiri chimafunika kuyezetsa TB.